MADZI OSAMBA NDI MOTO WA MAGETSI

Phunziro la Akristu ndi akatekisti pa Lamulo Lachisanu

Mwezi wa Juni ukafika, ku mapiri a Neno kumazizira kolowa m'mafupa. Ku Dambe ndi ku Nsambe nkhungu imagona pa minda ya mbatatesi mpaka dzuwa litakwera, ndipo munthu wofuna kusamba asanapite ku Misa kapena ku nchito sangayerekeze kudzithira madzi ogona m'ndowa. Makolo ankakoleza moto pa mafuwa nateleka madzi, ndipo ambiri akuchita chomwecho kufikira lero. Koma pa boma, pa Zalewa, pa Lisungwi ndi m'malo ena amene mawaya a ESCOM adafikako, anthu apeza njira yachidule. Wina amaviika hita ya magetsi m'ndowa, wina adagula shawa yotenthetsa madzi akamatuluka, ndipo opeza bwino adaika giza kudenga. Nkhuni zikusowa, makala akwera mtengo, mitengo ya m'mapiri ikutha. Chotero palibe munthu wanzeru amene angadzudzule njira yatsopanoyi. Koma akulu adati walira mvula walira matope. Amene walowetsa magetsi m'bafa walandiranso udindo wina, umene ambiri sadauzidwepo ndi munthu aliyense.

Magetsi ndi mlendo m'nyumba zambiri, ngakhale kwao nkonkuno. Pa mathithi a Nkula, pa mtsinje wa Shire, makina oyamba adayamba kupukusa magetsi m'chaka cha 1966 ndi mphamvu ya megawati 24. Pambuyo pake adamanga Nkula B, ndiponso Tedzani cha kumunsi kwake. Zaka zonsezi mawaya akuluakulu akhala akudutsa pamwamba pa midzi kunka ku mizinda, koma kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko lonse nyumba 11 zokha pa 100 ndizo zinali ndi magetsi ounikira, ndipo kumidzi zinali zochepa koposa. Ndiye kuti ambiri amene akuyatsa swichi ku Neno lero ndiwo oyamba m'banja mwao kutero. Za moto wa nkhuni mwana amaphunzira ali kumbuyo kwa amai ake: amauona, amamva kutentha kwake, tsiku lina amapsa chala, nachenjera. Moto wa magetsi suoneka, sufuka utsi, sununkha, ndipo agogo sadasiye malangizo ake. Tsono ngati makolo sangathe kuphunzitsa, nchito yagwera iwo amene anthu amawamvera Lamulungu lililonse.

Kodi magetsi amapha bwanji?

Fanizo la madzi lithandiza kumvetsa. Madzi a pa mathithi ali ndi mphamvu yokankha chifukwa akugwa kuchokera pamwamba. Mphamvu yokankha imeneyi pa magetsi amisiri amaiyesa m'mavolti, ndipo m'nyumba za m'Malawi imakhala mavolti 230. Koma kuchuluka kwa madzi odutsa mu paipi ndi nkhani ina. Pa magetsi kuchuluka kumeneku amakuyesa m'maampeya, ndipo ampeya imodzi ikagawidwa pa 1,000 kagawo kake ndi miliampeya. Chimene chimapha munthu ndicho kuchuluka kwa magetsi odutsa m'thupi mwake, makamaka akadutsa pa mtima.

Miliampeya imodzi munthu amangoimva kunyerenyetsa. Zikafika 10 kapena kupitirira pang'ono, minofu ya dzanja imakungika yokha, dzanja limafumbata chimene lagwira, ndipo mwini wake, ngakhale afune chotani, satha kuchitaya. Zikapitirira 30 kupuma kumavuta, ndipo kuyambira cha pa 50 mtima ungathe kuleka kugunda mwa dongosolo lake, numangonjenjemera osapopa magazi. Patapita mphindi zowerengeka ubongo umayamba kufa. Tsono babu lakale la mawati 60, limene mwana amaliyesa kanthu kachabe, limakoka mamiliampeya pafupifupi 260. Magetsi oyatsa babu limodzi lokha angathe kupha anthu angapo.

Nanga bwanji anthu ambiri adagwidwapo ndi magetsi koma ali moyo? Chifukwa Mulungu adaliveka thupi khungu, ndipo khungu louma ndi linga lolimba. Munthu wouma, wovala nsapato, woima pouma, akakhudza waya wamoto, kawirikawiri m'thupi mwake mumalowa mamiliampeya awiri kapena atatu okha. Amadzidzimuka, natukwana mwina, nkupitiriza nchito yake. Koma khungu likanyowa, makamaka ndi madzi a sopo, lingalo limagwa, ndipo mavolti 230 omwewo angathe kulowetsa mamiliampeya oposa 200. Pali chinanso. Pa transifoma ya ESCOM waya mmodzi adamlumikiza ku nthaka, kotero kuti magetsi onse otuluka m'menemo amafunafuna njira yobwerera kudzera pansi. Madzi saiwala khwawa, ndipo magetsi saiwala nthaka. Munthu wosamba ali wonyowa thupi lonse, alibe nsapato, waima pa simenti yonyowa, dzanja lili pa mpopi wachitsulo. Palibe njira ina yosalala koposa imeneyo, ndipo imalowera ku dzanja, kudutsa pa chifuwa, kukatulukira ku mapazi.

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Chiwiya chimene chimangoluma pang'ono pabalaza chingathe kupha m'bafa. Ndipo pamene wa m'nyumba anena kuti mpopi wa m'bafa ukuluma, kapena kuti madzi a shawa akunyerenyetsa pa bala la chala, mau amenewo si oseka nao iai. Ndi umboni wakuti magetsi atuluka kale m'njira yao ndipo akuyenda m'madzi kapena m'chitsulo. Chimene chasiyanitsa kunyerenyetsa ndi maliro ndi kanthu kakang'ono: lero pansi panali pouma pang'ono, mawa padzanyowa. Bafa lotero lisagwiritsidwenso nchito kuyambira ora lomwelo, buleka yake izimitsidwe, kufikira mmisiri wodziwa atalipima.

Maphunziro kapena kupembedza sizitchinjiriza munthu pa ngozi imeneyi. Bambo Thomas Merton, wansembe wa chipani cha Atrapisti ku Gethsemani m'dziko la America, amene mabuku ake athandiza Akristu a m'maiko ambiri kupemphera, adamwalira pa 10 Disembala 1968 kufupi ndi Bangkok, kumene adapita ku msonkhano wa amonke. Adampeza ali gone pansi m'chipinda chake, chokupizira mphepo cha magetsi chitamgwera pa thupi, ndipo chokupiziracho chidapezeka kuti mawaya ake anali olakwika. Anali ndi zaka 53.

Hita ya m'ndowa

Mwa ziwiya zonse zotenthetsera madzi, hita ya m'ndowa ndiyo yotsika mtengo, ndiyo yofala, ndiyonso yoopsa koposa. M'kati mwa kachitsulo kopindika kaja muli waya wotentha, wokutidwa kuti asakhudze chitsulo chakunja. Hita ikayatsidwa isanalowe m'madzi, kapena madzi akachepa iyo ili chiyakire, chitsulocho chimapsa nkung'aluka, mwina mng'alu wosaoneka ndi maso. Kuyambira tsiku limenelo madzi a m'ndowa amakhala ndi magetsi nthawi zonse hita ikamayaka. Madziwo amaoneka monga kale, amatentha monga kale. Ndipo chizolowezi cha munthu aliyense ndicho kupisa chala m'madzi kuti amve ngati afunda.

Ena amaganiza kuti ndowa ya pulasitiki ndiyo yotchinjiriza. Inde, ndowa yachitsulo njoipa koposa, pakuti yonse imasanduka waya wamoto. Koma ya pulasitiki imangobisa ngozi. Magetsi amakhala m'madzimo osowa potulukira, kudikira dzanja loti liwapatse njira. Mahita ambiri a pa msika ali ndi mawaya awiri okha, alibe wachitatu wopita pansi, ndiye palibe chowaulula akaonongeka. Chotero lamulo lake nlimodzi, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri angathe kuliloweza monga amalowezera mapemphero: hita iyambe yalowa m'madzi, ndipo iyatsidwe, pomaliza iyambe yazimitsidwa ndi kuzulidwa ku soketi, ndipo dzanja lifike ku madzi. Kuzimitsa swichi kokha sikukwanira, chifukwa m'nyumba zina mmisiri adasemphanitsa mawaya, ndipo swichi ikazima waya wamoto amakhalabe wamoto. Madzi atenthetsedwe kunja kwa bafa, pouma, pamene mwana wokwawa sangafikepo, ndipo chingwe chotalikitsira magetsi chisagone pansi ponyowa.

Ya mahita opanga okha, a masupuni awiri kapena malezala kapena zivindikiro za zitini zopanidwa ndi kamtengo pakati, nkhani yake njaifupi. M'mahita otero magetsi amadutsa m'madzi momwemo mwadala, ndipo palibe njira yowagwiritsira nchito popanda kuika moyo pa chiswe. Anyamata ndi atsikana a m'sukulu zogonera konko amawakonda, namayesana anzeru powapanga. Mphunzitsi wamkulu amene awalanda asangolanga. Aonenso ngati anawo ali ndi njira ina yopezera madzi ofunda mu Juni, apo ai adzapanga ena usiku womwewo.

Kuzimazima kwa magetsi kumaonjezera ngozi. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya megawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankapita ndi kubwera monga afunira. Nyengo zotere zimabwerabwera. Mai amaika hita m'ndowa, magetsi amazima, iye amaiwala swichi napita kumunda kapena kukagona. Magetsi amabwera popanda kuodira. Ngati hita yatsala pouma, nyumba ingathe kupsa. Ngati ili m'madzi, woyamba kupisamo dzanja ndi amene akukhulupirira kuti magetsi kulibe.

Shawa yotenthetsa yokha

Chiwiya chimenechi chidayambira ku Brazil m'zaka za m'ma 1930, ndipo kumeneko nyumba zambiri zimasamba nacho tsiku ndi tsiku. Sichoipa pachokha. Koma munthu ayenera kudziwa kuti m'kati mwa mutu wa shawa zambiri zotere muli waya wopotana, wosakutidwa, amene amakhala m'madzi momwemo. Mpopi ukatsegulidwa, mphamvu ya madzi imakankha kamphira kamene kamalumikiza magetsi, waya uja amatentha, ndipo madzi amafunda akudutsa. Magetsi pang'ono amalowadi m'madziwo. Chimene chimawachotsa asanafike pa mutu wa wosamba ndicho waya wachitatu, wobiriwira ndi chikasu, amene nsonga yake imakhala pamene madzi amatulukira. Waya ameneyu ndiye moyo wa shawa yonse. Komabe m'mabafa ambiri amapezeka atangolendewera, kapena atadulidwa, chifukwa woika adaona kuti madzi akutentha ndithu popanda iye.

Chachiwiri ndi njala yake ya magetsi. Shawa ya mawati 5,500 imakoka maampeya pafupifupi 24. Pulagi ya mano atatu imene imagwiritsidwa nchito m'Malawi ili ndi fuzi ya maampeya 13 yokha, ndiye kuti singapirire koposa mawati 3,000. Amene alumikiza shawa ku soketi, kapena, choipa koposa, ku waya wa babu la m'bafa, akusenzetsa mbuzi katundu wa ngolo. Waya amatentha m'kati mwa khoma kapena kudenga, chokutira chake chimasungunuka pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina moto ubuka kapena chitsulo china chikhudzana ndi waya wamoto. Shawa imafuna waya wakewake wochokera ku bokosi la mabuleka, wonenepa mamilimita 4 kapena 6 monga amisiri amawerengera, wokhala ndi buleka yakeyake, ndi swichi yokhala kunja kwa bafa. Polumikizira pamwamba pa shawa pasakhale mawaya opotokola ndi manja nkukulunga tepi, pakuti nthunzi imamasula tepi, ndipo munthu wamtali akamatsuka m'khwapa dzanja lake limafika pomwepo. Kabatani kosinthira kutentha kasakhudzidwe madzi akutuluka. Ayambe watseka mpopi.

Za giza nzochepa, popeza ambiri alibe. M'menemo waya wotentha ali m'chitsulo monga wa hita, ndipo madzi a mchere wa laimu amachidya mpaka kuchiboola. Zikatero magetsi amalowa m'thanki ndi m'mapaipi onse a m'nyumba, kufikira pa mpopi wa kukhitchini. Giza ya dzuwa nayo kawirikawiri imakhala ndi waya wotere wothandizira pa masiku a mitambo, ndiye isayesedwe yopanda ngozi. Kampopi kotulutsira mphamvu yoonjeza, kamene kamadontha nthawi zina, kasatsekedwe konse: giza yotsekedwa pamenepo ingathe kuphulika. Ndipo madzi a madigiri 60, amene giza imasunga, amasupula khungu la mwana m'masekondi owerengeka. Posambitsa khanda ayambe athira ozizira m'beseni.

Alonda awiri

Mlonda woyamba ndiye waya wapansi uja, amene amisiri amamutcha earth. M'nyumba zomangidwa kale mawaya ake ndi ofiira, wakuda ndi wobiriwira. Pa zingwe za ziwiya ndi m'nyumba zina zatsopano ndi wofiirira ngati dothi, wabuluu, ndi wobiriwira wosakaniza chikasu. Wofiira kapena wofiirira ndiye wamoto, wakuda kapena wabuluu ndiye wobwerera, wobiriwira ndiye mlonda. Iye sagwira nchito masiku onse, ndiye chifukwa chake anthu amamupeputsa. Nchito yake ndiyo kulumikiza chitsulo chilichonse cha giza, cha shawa ndi cha mapaipi ku ndodo yokutidwa ndi mkuwa yokhomedwa m'nthaka kunja kwa nyumba, kuti magetsi akasochera apeze njira yapafupi koposa thupi la munthu. Ndodoyo imachita dzimbiri, akuba amadula waya wake pofuna mkuwa, wosesa pabwalo amamuduladula ndi khasu osadziwa, ndipo m'chilimwe, ku madera otentha ndi a miyala monga a ku Lisungwi, nthaka ikauma kwambiri simalandira bwino magetsi. Mwini nyumba adziwe pamene pali ndodo yake, ndipo aziyenderapo. Ena amamangirira waya wapansi ku paipi ya madzi, namati zatha. Koma mapaipi ambiri a masiku ano ndi a pulasitiki m'nthaka, chitsulo chili m'bafa mokha. Wochita zotero watenga magetsi osochera nkuwaperekeza ku mpopi umene wosamba adzagwire.

Pali chinyengo china chofala, chakuti nyumba ya mafuzi ndi mabuleka njotetezeka. Fuzi ya maampeya 13 imaduka magetsi akapitirira mamiliampeya 13,000, pamene munthu amafa ndi osafika 100. Fuzi ndi buleka wamba zimatchinjiriza mawaya kuti asapse. Za munthu sizidziwa kanthu.

Mlonda wachiwiri ndiye amene amadziwa za munthu. Ndi buleka yamtundu wina, imene amisiri amaitcha earth leakage kapena RCD, ndipo imazindikirika ndi kabatani koyesera kolembedwa T kapena Test. Nchito yake ikufanana ndi ya mbusa wowerenga ng'ombe potuluka ndi polowa m'khola. Imayerekeza magetsi otuluka pa waya wamoto ndi obwerera pa waya mnzake, ndipo ikaona kuti mamiliampeya 30 asowa, imadziwa kuti adzera kwina, mwina m'thupi la munthu, nizimitsa zonse sekondi isanathe. Mbiri yake ikukhudza dziko limene amuna ambiri a kuno adakagwirako nchito. M'chaka cha 1955 Henri Rubin, injiniya wa ku Johannesburg, adapanga chida chotere chifukwa cha ngozi za m'migodi ya golide. Mai wina atafa ndi magetsi m'nyumba mwake pa mudzi wa mgodi wa Stilfontein, zida mazana angapo zidaikidwa m'nyumba za pamenepo mu 1957 ndi 1958. Papita zaka zoposa 60, ndipo nzachisoni kuona nyumba yopakidwa penti bwino, yokhala ndi mpanda ndi dishi ya kanema padenga, koma yopanda kabuleka kameneka, kamene mtengo wake sungafike pa zimene banja limaononga tsiku limodzi la maliro.

Kabatani koyesera kadinidwe kamodzi pa miyezi itatu. Magetsi akapanda kuzima, bulekayo yafa ndipo isinthidwe. Ikamagwa yokha kawirikawiri, makamaka shawa kapena giza ikayatsidwa, sikuti ikuvuta: ikunena zoona. Mmisiri amene aichotsa kapena kuilambalala ndi waya kuti eni nyumba asadandaule ali ngati munthu wopha galu chifukwa wauwa mbala.

Mlandu ngwa yani?

M'buku la Deuteronomo, mutu 22 ndime 8, Mose adalamula kuti womanga nyumba yatsopano amange kampanda kuzungulira denga lake, pakuti madenga a kumeneko anali athyathyathya ndipo anthu ankakhalapo. Ndipo chifukwa chake adachinena poyera, kuti wina akagwa, mlandu wa magazi usakhale pa nyumbayo. Mwini nyumba sadakankhe munthu, komabe Malembo amamuyesa wamlandu chifukwa cha kampanda kamene sadamange. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pofotokoza Lamulo Lachisanu, amaphunzitsa chimodzimodzi: lamulolo sililetsa kupha ndi manja kokha, komanso kuika mnzako pa ngozi ya imfa popanda chifukwa chachikulu. Waya wapansi ndi buleka ya mamiliampeya 30 ndizo kampanda ka nyumba za masiku ano.

Kusadziwa kumachepetsa mlandu, koma kumatha tsiku limene munthu wauzidwa. Mwini nyumba ya lendi pa Zalewa kapena pa boma, amene mphunzitsi kapena namwino wokhalamo wamuuza kuti mpopi ukuluma, iye nayankha kuti adzaona mwezi ukatha, nalandira lendi miyezi itatu osaona, ali ndi kanthu kokanena m'kulapa, ngakhale pasakhale wafa. Chimodzimodzi mmisiri amene alandira ndalama ya waya wonenepa naika woonda, kapena asiya waya wobiriwira ali lende. Iyeyu waphwanya Lamulo Lachisanu ndi Lachisanu ndi chiwiri pamodzi. Chimodzimodzinso amene akoka magetsi kuchokera kwa mnansi wake ndi kachingwe ka mawaya awiri kodutsa pa mtengo wa mango, nalumikizako hita. Lamulo la dziko lidapatsa bungwe la MERA mphamvu yopereka ziphaso kwa oika magetsi m'nyumba, ndipo Mkristu asachite manyazi kufunsa mmisiri chiphaso chake asanampatse nchito, ngakhale akhale mlamu wake kapena mnzake wa mu kwaya. Safunsa adadya phula.

Nyumba za mpingo zisakhale zotsalira pa zimenezi. Nyumba ya ansembe, ya asisitere, ya katekisti, zipinda za alendo obwera ku maphunziro, magonero a ana a sukulu: zambiri zidaikidwa mawaya kalekale, ndipo pambuyo pake wina adaonjezapo shawa, wina giza, popanda woona ngati mawayawo angapirire. Komiti ya parishi imene imawerenga ndalama za malata ndi simenti iwerengenso za mmisiri wodzapima mabafa.

Imfa yadzidzidzi ndi kulozana zala

Pali chifukwa china chimene akatekisti a ku Neno ayenera kuidziwa bwino nkhani imeneyi. Munthu wofa ndi magetsi m'bafa kawirikawiri sakhala ndi bala looneka, popeza khungu lonyowa silipsa kwambiri. Mwina kachipsera kakang'ono pa chala kapena pa phazi. Adalowa m'bafa ali wamoyo, akuyimba, ndipo ampeza atagwa. Pa siwa anthu adzafunsana kuti wachita ndani. Boma lino likudziwa kumene funso limeneli limafikitsa. Mu Januwale 2016, m'dera la Mfumu Dambe, mtsikana adafa ndi mphenzi, ndipo anthu okalamba anai adaphedwa ndi khamu powaganizira ufiti. Mphenzi ndi magetsi a m'mitambo, ofunafuna nthaka monga a m'mawaya, ndiye chifukwa chake nkwanzeru kusasamba pa mpopi pamene mvula ya mabingu ikugwa. Katekisti amene angathe kuimirira pa maliro nafotokoza modekha za hita yong'aluka, za madzi a sopo ndi za mtima wonjenjemera, napempha kuti mmisiri apime bafa anthu asanayambe kutchula maina, angathe kupulumutsa nkhalamba ya m'mudzimo.

Wina akagwidwa

Chikondi chimauza munthu kuti athamange akamukoke mbale wake, ndipo ndi mmene maliro amodzi amasandukira awiri. Woyamba kufika asamukhudze, asaponde m'madzi a pansipo. Athamangire ku bokosi la mabuleka nazimitse swichi yaikulu. Chifukwa cha ichi aliyense m'nyumba, ndi ana omwe ndi wanchito yemwe, adziwe pamene ili, ndipo isabisike kuseri kwa kabati kapena m'chipinda chokhoma. Ngati swichi ili kutali, aime pouma, pa thabwa kapena atavala nsapato za mphira, nakankhe waya kapena munthuyo ndi mtengo wouma, monga mpini wa tsache.

Magetsi atazima, amtulutsire pouma, amgoneke chagada, namuitane ndi kumgwedeza mapewa. Ngati sakuyankha ndipo sakupuma bwino, wothandiza agwade pambali pake, aike chikhatho pakati pa chifuwa, chinzake pamwamba, nakanikize mwamphamvu kuti chifuwa chitsike ngati masentimita 5, kokwana 100 kufikira 120 pa mphindi imodzi. Wodziwa kupumira m'kamwa apumire kawiri akakanikiza ka 30. Wosadziwa angokanikiza osaleka, ndipo akatopa alandizane ndi mnzake. Asamthire madzi, asamkwirire m'dothi, asammwetse mkaka kapena chilichonse ali chikomokere. Wina athamangire galimoto kapena njinga yamoto, wina aitane wansembe kuti adzamdzoze. Zonsezi nzabwino, koma manja a pa chifuwa asaime podikira aliyense wa iwo, pakuti ubongo wosalandira magazi umayamba kuonongeka pa mphindi zinai kapena zisanu.

Ndipo amene wagwidwa kolimba koma wadzuka yekha, nanena kuti ali bwino, asaloledwe kupita kumunda. Magetsi angathe kusokoneza kugunda kwa mtima ndi kutentha minofu ya m'kati pamene kunja sikuoneka kanthu, ndipo mai woyembekezera ayenera kupimidwa ngakhale adangolumidwa pang'ono. A kumapiri apite naye ku chipatala chachikulu cha pa boma, a kumunsi ku chipatala cha Lisungwi, tsiku lomwelo, ndipo akauze adokotala chimene chidamgwira, mbali ya thupi imene idakhudza, ndiponso ngati adakomoka.